Buluzi wa ndevu akayamba kutsinzina masana

Wowulutsa: A Dokotala, kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Leeds. Akuti mwana wawo akuweta bearded dragon, buluzi wa ndevu uja, koma sabata yathunthu tsopano buluziyo akungotsinzina, zikope zatupa, chakudya sakuchiyang'ana n'komwe. Akuti izi zinayamba atangogula babu latsopano lopotana.

Dokotala: Mayi, babu limenelo lizimitseni lero lomwe. Buluzi ameneyu kwawo ndi ku chipululu cha pakati pa Australia, ndipo ndi wa banja limodzi ndi gulo wathu uja wogwedeza mutu pamtengo. Ndi nyama yowothera dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi cheza chotchedwa UVB, chimene chimathandiza khungu lake kupanga vitamini D3, ndipo popanda vitaminiyu thupi silingatenge kashiamu m'chakudya. Mafupa amafewa, nsagwada imapindika, miyendo imanjenjemera. Ndiye munachita bwino kumugulira nyale. Koma babu laling'ono lopotana limaunjika cheza pamalo amodzi, ndipo likakhala pafupi kwambiri, kapena m'mbali moyang'anizana ndi nkhope, limapsereza diso. Amatsinzina chifukwa akumva ululu.

Nthawi zambiri maso amatseguka pakapita masiku owerengeka babu likachotsedwa. Masiku ochepawo popanda UVB sangamupweteke, bola kutentha kukhalepo. Kenako gulani chubu chachitali cha UVB cha mtundu wa T5, cha mphamvu ya 10.0 kapena 12%, muchiike pamwamba, masentimita 30 mpaka 40 kuchokera pamene amawothera. Kuwala kuchokere kumwamba ngati dzuwa, chifukwa mafupa a pamwamba pa maso ake amamutchinga ngati chipewa. Pakadutsa masiku atatu osasintha, kapena mukaona mafinya, pitani naye kwa dokotala wodziwa za abuluzi. Chonde musamudonthezere mankhwala a maso a anthu.

Wowulutsa: Nanga ena amati n'kusowa vitamini A?

Dokotala: Zimachitika, koma ndimadandaula ndikaona anthu akuthamangira madontho a vitamini A, poti akachuluka nawonso amatupitsa maso. Mpatseni mpiru, dzungu ndi karoti pang'ono, thupi lipange lokha vitamini amene likufuna.

Wowulutsa: Bambo wina ku Johannesburg akufunsa kuti magetsi akazima, kodi angaike bokosi lagalasi la buluzi wawo pawindo kuti awothere dzuwa?

Dokotala: Ayi ndithu, bambo. Galasi limatsekereza UVB koma limalola kutentha, ndiye bokosilo limasanduka ng'anjo, buluzi n'kufa alibe kothawira. Inu muli ndi mwayi umene a ku Leeds alibe, dzuwa lenileni. Mutulutseni panja m'khola lawaya lokhala ndi mthunzi mbali imodzi, inuyo muli pomwepo chifukwa cha amphaka ndi mbalame. Akadzidzimuka mwadzidzidzi musadabwe: pakati pa mutu ali ndi kadontho kozindikira kuwala, kamene kamamuchenjeza chithunzithunzi chikadutsa pamwamba.

M'kalata yanu mwatchulanso nyale yofiira ya usiku. Ichotseni. Amaiona, ndipo imamusokoneza tulo. Nyale ziyake maola 12, pamalo owothera pafike madigiri 38 mpaka 42, usiku kukhale mdima. Chubu cha T5 muzisintha chaka ndi chaka ngakhale chikuwalabe, chifukwa UVB imayamba kutha maso athu asanazindikire.

Wowulutsa: Yomaliza ndi ya mtsikana amene akuti maso a buluzi wake amatong'oka kwa kanthawi n'kubwereranso.

Dokotala: Mwanawe, usaope. Akamafundula amatero pofuna kumasula khungu lozungulira maso. Usamalikoke khungulo ndi zala. Chodetsa nkhawa n'chakuti diso limodzi lokha likhale lotseka kapena likutuluka misozi. Apo kawirikawiri mwalowa mchenga. Litsuke ndi madzi a saline a ku famase, ndipo mchengawo uchotse, uyale mapepala mpaka diso litachira.