TSIKU LIMODZI, MADOKO AWIRI: NKHOTAKOTA KAPENA LIKOMA?

Anzanga a History ndi Geography, nali funso la sabata ino. Mlendo wakwera sitima ya Ilala, ija inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, ndipo ali ndi tsiku limodzi lokha loti atsike n'kuona malo akale. Akukufunsa iweyo, mwana wa kwa Mwadzama: "Nditsike ku Nkhotakota kapena ku Likoma?" Kuyankha kuti "konse" sikuthandiza, paja mapanga awiri avumbwitsa. Tiyeni tione chimene doko lililonse lasunga.

Nkhotakota

Cha m'ma 1840, Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah anakhazikika pano n'kuyamba kudziwika kuti Jumbe. Malonda ake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ogwidwa kumtunda ankawasonkhanitsa m'mbali mwa nyanja, kuwalonga m'zombo, kuwaolotsa, kenako kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa. Ambiri ankafera m'njira.

David Livingstone anafika kuno mu 1861. Atabweranso mu 1863 anakumana ndi Jumbe n'kumupempha kuti aleke malondawa. Jumbe sanaleke ayi. Mtengo umene anthu amaloza kuti ndi pomwe anakumanirana uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawi imeneyo, ndipo patangopita zaka zochepa Angerezi anathetsa ufumu wa a Jumbe, womaliza n'kumutumiza ku Zanzibar.

Koma mbiri ya Nkhotakota si ukapolo wokha. Chisilamu chinazika mizu kuno kudzera mwa a Jumbe omwewo, ndipo ulimi wa mpunga unakula m'nthawi yawo. Komanso mu 1960 chipani cha Malawi Congress Party chinachitira msonkhano wake waukulu kuno, ndipo ndi pomwe chinasankha Dr Kamuzu Banda kukhala mtsogoleri wa chipanicho moyo wake wonse.

Likoma

Chilumbachi n'chaching'ono, chodzaza malambe, ndipo chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique ngakhale chili cha Malawi. Zinatheka bwanji? Amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, anakhazikika pamenepo m'ma 1880, ndiye pogawana malire chilumbacho chinatsalira kwa Angerezi osati Apwitikizi.

Chachikulu choona ndi tchalitchi cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903. Malo ake amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankawotcherapo anthu owaganizira ufiti. Tangoganizani chinyumba chachikulu chonchija pa kachilumba, pa nthawi imene kunalibe galimoto yotuta katundu!

Chingwe chomanga malo awiriwa

Apa ndiye pogwira bwino, a Fomu 3 ndi 4. Amishoni a UMCA anabwera poyankha pempho la Livingstone loti ukapolo uthe. Ndiye kuti Nkhotakota ikuonetsa bala, Likoma ikuonetsa ena mwa amene anabwera kudzalimanga. Ndipo Chauncy Maples, bishopu wa Likoma amene anamira pa nyanja mu 1895, anaikidwa ku Nkhotakota konkuno.

Nanga kusankha kwake?

Mafunso ndi atatu basi.

Choyamba, mlendoyo akufuna chiyani? Ngati ndi ukapolo, Chisilamu ndi ndale, Nkhotakota. Ngati ndi ntchito za amishoni, zomangamanga ndi mchenga wopumirapo, Likoma.

Chachiwiri, nthawi. Sitima sidikira munthu. Ayambe waona ndandanda ya ulendo, adziwe madoko amene sitimayo iime ndi maola amene ikhalepo. Akumbukirenso mwera wa miyezi yozizira, umene umavundula nyanja n'kuchedwetsa maulendo.

Chachitatu, kodi malowo angafikekonso mwa njira ina? Ku Nkhotakota kumadutsa msewu wa M5, minibasi tsiku lililonse. Ku Likoma kulibe msewu wopitako: ndi pamadzi kapena pandege. Choncho amene ali kale pa sitima ndipo adzayendanso pamtunda, atsike ku Likoma, Nkhotakota adzaione pa galimoto. Koma amene sadzapezanso mpata ndipo akufuna kumvetsa chimene chinakokera amishoni ndi Angerezi ku nyanja ino, ayambire ku Nkhotakota.

Kwa ife a kwa Mwadzama nkhani ndi ina. Boma lili pafupi, koma ndi angati mwa ife anaimapo pansi pa mtengo uja? Mlendo amalipira ndalama zambiri kuti adzaone zimene ife timazidutsa popita kumsika. Wodziwa kuzifotokoza bwino angakhoze mayeso, mwinanso n'kudzapeza ntchito yoperekeza alendo.

Ntchito: Lembani ndime imodzi yosankha doko limodzi, ndi zifukwa zitatu zochokera m'mbiri. Mayankho abwino tidzawamata pano sabata yamawa.