Phunziro: Tisanamange, Tiyambe Taona Njira ya Madzi

Abale ndi alongo, chilala tikuchidziwa. Tinachiona mu 1992, ndipo chinabweranso mu 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka. Koma poyenda m'midzi ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi taona chinthu chodabwitsa: mudzi umene ukulira madzi mu Okutobala ndi womwewo umene madzi amagumula njira ndi zimbudzi mu Januwale. Mvula imagwa ndithu, koma sikhalitsa pamalo.

Madzi amapita kuti?

Pamene pali udzu, mitengo ndi masamba ofota, mvula imalowa pansi pang'onopang'ono. Madziwo amatsikira kudambo, ndipo dambo limawasunga ndi kudyetsa zitsime, madimba ndi mitsinje m'chilimwe. Koma padenga la malata ndi pabwalo losesedwa madzi salowa. Denga la mamita 10 m'litali ndi 8 m'lifupi limatsitsa malita 2,000 pa mvula ya mamilimita 25 yokha. Awa ndi madiramu pafupifupi 10. Akathamangira m'njira ya ngolo yolunjika kumunsi, amakumba chigwembe ndi kutenga dothi lachonde.

Zochita posankha malo

Mpingo ukapempha malo kwa amfumu omangapo tchalitchi, sukulu kapena nyumba, tichite izi:

1. Tiyendere malowo mvula itangokata kumene, pamodzi ndi amfumu ndi agogo odziwa mbiri yake. Tiike zikhomo modutsa madzi ndi mmene amaima.

2. Tisamange m'dambo kapena m'khwawa, ngakhale pakuoneka pouma. Madzi saiwala khwawa. Timange pamtunda potsetsereka pang'ono.

3. Tisalambule malo onse. Tidule mitengo yokhayo ya pomwe pakhale maziko. Mikuyu, katope, nsungwi ndi bango za m'mbali mwa mtsinje tizisiye, pakuti mizu yake ndiyo imagwira gombe. Nkhalango ya kuphiri nayo tiisunge, chifukwa madzi othamanga amayambira kumeneko.

4. Dothi loumbira njerwa tisakumbe pagombe la mtsinje kapena kumutu kwa dambo.

5. Njira ndi mizere zidutse chopingasa malo otsetsereka. Tibzale udzu wa vetiva m'mizere yoyezedwa bwino kuti madzi afooke ndi kusiya dothi.

6. Madzi a padenga tiwakole m'thanki kapena m'madiramu. Otsala tiwalondolere kudzenje la nthochi kapena pa udzu, osati kwa mnansi wa kumunsi.

7. Chimbudzi ndi khola zikhale kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wa mamita osachepera 30.

Zonsezi sizilira ndalama zambiri. Zimalira kugwirizana, popeza madzi ochoka kwa wa kumtunda amafikira wa kumunsi. Kusiya mtengo uli chiimire n'kosavuta, koma kutseka chigwembe kumatenga zaka.

Mafunso okambirana

1. Kodi madzi a padenga la tchalitchi chathu amapita kuti?
2. Ndi zitsime ziti kwathu zimene sizinaphwe mu 2024? Nanga pozungulira pake pali chiyani?
3. Kodi akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi achinyamata agawane bwanji ntchitoyi mvula isanayambe?