Kutuma Mtumiki wa AI Kukatenga Zikalata Zosinthira Ntchito Yomanga

Nkosowa kupeza nyumba yaikulu kapena mlatho umene unamangidwa kuchokera pamaziko mpaka kumapeto monga momwe unajambulidwira tsiku loyamba; pakuti okumba maziko amagunda thanthwe pomwe mapulani anati pali dothi lofewa, mwini nyumba amadzuka tsiku lina atakhumba matailosi m'malo mwa simenti yosalaza, ndipo zitsulo zimene zinatchulidwa m'pangano zimatha kusowa pamsika. Kusintha kulikonse kotere, ngati kukhudza ndalama kapena masiku a ntchito, kumalembedwa pachikalata chimene a ku America amachitcha change order, pamene makontrakiti a bungwe la FIDIC, pa mutu 13, amati variation. Makampani ambiri tsopano amasunga zikalatazi m'mapulogalamu onga Procore ndi Autodesk Construction Cloud, ndipo chiyambire November 2024, pamene kampani ya Anthropic inatulutsa njira yotchedwa Model Context Protocol, kwakhala kopepuka kulumikiza pulogalamu ya AI ku nkhokwe zoterezi, kuti munthu azingoituma ndi mawu wamba, iyo nkukatenga chimene chafunika.

Musanatume kanthu, yambani ndi kiyi. Mtumiki wa AI salowa mu Procore mwa mphamvu yake. Amalowa ndi chilolezo chimene woyang'anira pulogalamuyo pakampani panu wapereka kudzera m'njira ya OAuth 2.0, ndipo amaona zokhazo zimene chilolezocho chimuonetsa. Pemphani kuti akupatseni kiyi yowerengera yokha, yosatha kulemba, kuvomereza kapena kufufuta, ndipo ikhale ya ntchito imodzi imene muli nayo m'manja. Ena amaona ngati uku ndi kukayikira makina mopitirira muyeso, koma taganizani: m'zikalatazi mumakhala makalata ndi mitengo yochokera kwa anthu akunja, ndipo mtumikiyo amawerenga zonse, kotero kuti mawu oikidwa mochenjera m'kalata ya wina angathe kumusokeretsa kuti achite chimene inu simunamutume. Wopanda mphamvu yolemba, ngakhale atasokera, palibe chimene angaononge.

Mukalumikiza, muuzeni akuuzeni zida zimene wapatsidwa, pakuti chida chilichonse chili ndi dzina lake ndi ntchito yake: china nchondandalika zikalata zonse, china nchotsegula chikalata chimodzi. Kenaka muuzeni apeze nambala ya kampani ndi nambala ya ntchitoyo, chifukwa pulogalamu imazindikira ntchito ndi nambala, pamene ife timaizindikira ndi dzina. Ndipo ngati kampani yanu ikumanga masukulu awiri a mayina ofanana, onetsetsani ndi maso anu kuti wagwira yoyenera.

Tafika pamene pagona nkhani, ndipo apa mpofunika kudekha. Chimene pakamwa timangoti chikalata chosinthira ntchito, m'pulogalamu muli mitundu ingapo, yobadwa motsatizana. Mu Procore kampani imasankha kuyendetsa zosinthazi pa masitepe amodzi, awiri kapena atatu. Pa atatuwo, nkhani imayamba ngati Potential Change Order, kutanthauza kuti mwina padzakhala kusintha, imakula kukhala pempho lopita kwa mwini ntchito, ndipo pomaliza imalowa m'chikalata chenicheni chosintha pangano. Autodesk nayo ili ndi mayina ake, monga PCO, OCO ndi SCO. Komanso pali mbali ziwiri: zikalata za pakati pa mwini nyumba ndi kontrakitala wamkulu, zimene kwa kontrakitalayo ndi ndalama zolowa, ndi za pakati pa iye ndi makontrakitala ang'onoang'ono, a magetsi kapena a mipope, zimene ndi ndalama zotuluka. Thanthwe limodzi lomwe lija likhoza kuoneka malo anayi. Mukangoti, "Ndiuze ndalama za zosintha zonse," mtumikiyo, amene sanapondepo pamalo omangira, angathe kuphatikiza zonsezo pamodzi nakupatsani chiwerengero chachikulu, cholembedwa mwaudongo, koma chabodza. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Chotero tchulani mtundu, tchulani mbali, tchulaninso pamene chikalatacho chafika. Nenani motere: "Nditengere zikalata zosintha pangano lathu ndi mwini nyumba, zovomerezedwa zokha, ndipo pa chilichonse ulembe nambala yake, mutu wake, ndalama zake, masiku owonjezera ndi tsiku limene chinavomerezedwa."

Za kuvomerezaku musazitenge mopepuka. Chikalata chikhoza kukhala chongoyambidwa kulembedwa, chodikira yankho, chovomerezedwa, chokanidwa kapena chothetsedwa, ndipo zonsezi zimagona m'nkhokwe imodzi, chilichonse ndi mtengo wake pambali. Fomu ya G701 ya bungwe la American Institute of Architects imafuna kuti asaine atatu, mwini nyumba, kontrakitala ndi wojambula mapulani, pangano lisanasinthe. Choncho chikalata chikaoneka chovomerezedwa pakompyuta, uzani mtumikiyo atsegulenso zomata zake, muone ngati pepala losainidwa lilipodi. Pakuti kalaliki akhoza kudina batani msanga, cholembera cha bwana chisanakhudze pepala.

Chotsatira ndicho kuwerenga. Mapulogalamuwa sapereka zikalata zonse nthawi imodzi, amazipereka tsamba ndi tsamba. Tiyerekeze kuti ntchito yanu ili ndi zikalata 140 ndipo tsamba limodzi limanyamula 100: mtumiki wosauzidwa angathe kubwera ndi tsamba loyambalo nkukhala phee, osatchula kuti 40 zatsalira. Mufunseni kuti watenga zingati, ndipo pulogalamu yati zonse zilipo zingati. Manambala awiriwa akasiyana, mubwezeni. Kuphatikiza ndalama musamusiyire kuti achite pamtima, pakuti mapulogalamu a AI oterewa amaphonya masamu akachuluka. Auike mndandandawo mu Excel, kapena agwiritse chida chowerengera, ndipo chotulukacho muchiyerekeze ndi chimene pulogalamu yalemba patsamba la pangano monga ndalama za zosintha zovomerezedwa. Mukatero, sankhani zikalata ziwiri kapena zitatu, makamaka zandalama zambiri, muzitsegule nokha.

Zovomerezedwa zikakhala m'malo mwake, m'tumeninso kachiwiri, tsopano pa zodikira yankho, azindandalike kuyambira chimene chakhalitsa. Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la mtumikiyu lili pano, chifukwa munthu wotanganidwa ndi simenti ndi malipiro a amisiri amaiwala pempho limene linapita miyezi yapitayo. Pa kontrakiti ya FIDIC ya 1999, ndime 20.1 imapatsa kontrakitala masiku 28 okha, kuyambira pamene anadziwa kapena anayenera kudziwa za vutolo, kuti apereke chidziwitso chofuna ndalama kapena nthawi yowonjezera, ndipo akachedwa amataya ufulu umenewo. Mtumikiyo angakuonetseni tsiku limene nkhani inalembedwa m'pulogalamu, koma tsiku limene kapitawo anaona thanthwelo likhoza kukhala lakumbuyo kwa limenelo, ndipo mudzalipeza m'buku la zochitika za tsiku ndi tsiku pamalo omangira. Werengani masiku 28 aja kuchokera pamenepo, ndipo za tanthauzo la ndimeyo mufunse injiniya kapena loya wa kampani.

Mndandanda uliwonse umene mutumize kwa mwini nyumba kapena kumsonkhano wa pamwezi, lembanipo tsiku ndi ola limene unatengedwa, pamodzi ndi mawu amene munatumira mtumikiyo, kuti mnzanu akadzapeza chiwerengero chosiyana mawa, muthe kuona ngati chasintha ndi chikalata kapena kafunsidwe.