Kodi ndalama za ochotsedwa ntchito zimabala ulesi?

Bambo athu a ku Zomba, m'kalata yanu mwafunsa ngati ndalama zimene boma limapatsa anthu ochotsedwa ntchito zimawachititsa kukana ntchito za m'malesitilanti.

Ku America mu 2021, nthawi ya Covid-19, boma linkawonjezera madola 300 pa sabata pa ndalama za ochotsedwa ntchito. Eni malo odyera anadandaula kuti antchito akusowa, ndiye pafupifupi theka la zigawo za dzikolo linadula ndalamazo msanga. Koma amene anabwerera kuntchito chifukwa cha zimenezi anali ochepa chabe.

Ine ndikuona kuti vuto ndi malipiro. Mayi aimirire tsiku lonse akutsuka mbale, manja atuwe, kandalama kake kathere kwa wolera mwana ndi pa basi, apitirenji? Olemba ntchito akweze malipiro, bambo, anthu abwera okha.