Dzina la pabotolo ndi fungo la mkati: mbiri ya Yves Saint Laurent



Ambiri mwa ife tili ndi mnzathu wogulitsa timabotolo ta mafuta onunkhira pa WhatsApp, ndipo pa timabotoloto pamalembedwa maina ngati Black Opium, Libre kapena Y. Kuno ku Chirimba maina amenewa tawazolowera ngati ndi a kwathu konkuno, chonsecho onse atatu ndi a kampani imodzi ya ku Paris, Yves Saint Laurent. Ndati lero tione mbiri yake, poti tindalama tathu tikuthera pa dzina limeneli.

Mwini dzinali anabadwira mu Africa momwemuno, mumzinda wa Oran ku Algeria, mu 1936, dzikolo lili m'manja mwa atsamunda a ku France. Ali mnyamata anapita ku Paris nayamba ntchito kwa Christian Dior. Dior atamwalira mu 1957, udindo wopanga masitayilo a zovala za kampani yonse unagwera iye ali ndi zaka 21 zokha, msinkhu womwe ena tikulimbana ndi mayeso a ku yunivesite. Mu 1960 anamulemba usilikali nkhondo ya ufulu wa Algeria ili mkati, anadwala maganizo, ntchito ya kwa Dior n'kuthera pomwepo. Mu 1961 iye ndi Pierre Bergé anatsegula kampani yawoyawo.

Ntchito yake inali imene Afalansa amati haute couture: chovala chosokedwa pamanja, choyezera thupi la munthu mmodzi. Mukaganiza bwino, ndi zomwe telala wa mumsika wa Chirimba amachita mukamupititsira nsalu ya mkanjo wa Eid. Amakuyezani ndi tepi, amadula, kenako amakuitanani kuti mudzayese. Kusiyana kwake n'kwakuti diresi imodzi ya ku Paris imadya maola mahandiredi, mtengo wake mukhoza kugulira galimoto, ndipo ogula ndi ochepa zedi padziko lonse. Nanga ndalama zenizeni zimachokera kuti? Mbali yaikulu imachokera ku pafyumu ndi zodzoladzola. Amene sangakwanitse diresi akwanitsa botolo, n'kumamva kuti nayenso walowa nawo m'nyumbamo.

Pafyumu woyamba wa kampaniyi anatuluka mu 1964. Koma amene anagwedeza msika ndi Opium wa mu 1977. Dzinalo ndi la mankhwala ozunguza bongo, ndipo anthu a mtundu wa Chitchaina okhala ku America analidandaula kwambiri, pokumbukira mmene mankhwalawo anaonongera makolo awo. Dzina silinasinthidwe, ndipo phokosolo linangowonjezera malonda. Black Opium wa mu 2014, amene alongo ambiri amamukonda, ndi mdzukulu wa ameneyu. Ine ndimaona kuti ndi bwino munthu uzidziwa tanthauzo la dzina limene ukulinyadira.

Pali mbali ina imene imatikhudza ife Asilamu. Saint Laurent anafika ku Marrakech, ku Morocco, koyamba mu 1966 ndipo mzindawo unamutenga mtima. Mitundu yowala ya zovala zake zambiri anaionera m'misewu ya kumeneko. Mu 1980 iye ndi Bergé anagula munda wamaluwa wa Majorelle mumzindawo. Kenako mu 2002, chaka chomwe anapuma pantchito ndipo gawo losoka pamanja linatsekedwa, kampaniyi, pansi pa Tom Ford, inatulutsa pafyumu wa amuna wotchedwa M7. Chachilendo chake chinali oud. Ku Ulaya ambiri analiona ngati fungo latsopano, moti poyamba silinayende malonda kwenikweni, koma patapita zaka zochepa makampani akuluakulu ambiri anali ndi botolo lolembedwa oud.

Latsopano kwa ndani? Ife tinamva za oud tili pamkeka ku madrasa, chifukwa m'mabuku a hadith muli nkhani ya kufukiza mtengo umenewu. Ku Baghdad, m'zaka za m'ma 800, Al-Kindi analemba buku la kapangidwe ka zonunkhira lokhala ndi njira zoposa 100. Oud weniweni amachokera mumtengo wa Aquilaria, wa ku Assam ku India ndi maiko ngati Cambodia ndi Vietnam. Mtengowo ukavulala n'kugwidwa ndi nkhungu, umatulutsa utomoni wakuda wodzitetezera, ndipo fungo limakhala mu utomoniwo. Si mtengo uliwonse umatero, n'chifukwa chake ndi wodula kwambiri. Mabotolo ambiri olembedwa oud, ngakhale odula omwe, amadalira fungo lopangidwa ku fakitale.

Saint Laurent anamwalira mu 2008, ndipo chaka chomwecho bizinesi ya mapafyumu ake inapita kwa L'Oréal. Zovala zili pansi pa kampani ina, Kering. Ndiye botolo la Libre, lomwe linatuluka mu 2019, mwini dzina sanalinunkhizepo n'komwe.

Kudzola zonunkhira ndi sunnah, makamaka amuna popita ku Jumu'ah, ndipo Mtumiki, swalla Allahu alayhi wasallam, ankakonda fungo labwino. Za alcohol wa m'mapafyumu opopera, maulama amasiyana: ambiri amaloleza poti si chakumwa, ena amalangiza kupewa n'kusankha mafuta. Funsani Sheikh amene mumamudalira, ine sindipereka fatwa.

Chimene chikundivuta ine ndi malonda athu. Kugulitsa mafuta otengera fungo la wina si nkhani yachilendo, ndipo makampani a ku United Arab Emirates ngati Lattafa amapanga mafungo oyandikira a ku Paris koma amalembapo dzina lawolawo. Koma ukathira mafuta m'kabotolo, n'kumata pepala la YSL, n'kuuza mlongo wako kuti ndi orijino, wamubisira chimene akugula, ndipo chinyengo pamalonda chinaletsedwa momveka bwino. Mlongoyo mwina wachotsa ndalamayo pa ya chakudya cha mwezi kusukulu. Ingolembani pa status kuti "fungo lofanana ndi Libre, mafuta, mamililita 6", n'kuika mtengo wake. Ogula ambiri ku Chirimba amadziwa kale kuti Paris sangakwane pa mtengo umenewo, ndipo agulabe.