Bwanji Osangoziimbanso pa Kiyibodi? Mayankho a Makalata Anu

Makalata awiri a lero akukhudza nkhani imodzi, ya nyimbo zojambulidwa kale zomwe zayamba kumvekanso pa intaneti.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa kwa Katunga ku Chikwawa. Akuti: "Mwana wanga anandiikira m'foni mapulogalamu aja amati podcast. Nyimbo za Beethoven zimamveka bwino zedi poti azungu amazijambulanso kawirikawiri. Nanga ife tikukakamiriranji matepi akale a ulimba ndi banjo, odzaza chiphokoso? Bwanji osawapatsa anyamata a kiyibodi aziimbenso?"

Zikomo bambo, funso lanu ndi lomveka, koma zinthu ziwiri mwaziyerekezazi si zofanana. Beethoven anamwalira mu 1827, makina ojambulira mawu kulibe, koma anasiya nyimbo zake zitalembedwa papepala. Gulu lililonse lofuna kuziimba limawerenga pepalalo, ndipo likalakwitsa, pepala lilipo lowatsutsa. Woimba ulimba wa ku Nsanje sanasiye pepala. Chomwe chinatsala ndi tepi, monga ija Hugh Tracey anajambula atafika ku Nyasaland mu 1950 ndi 1958, pomwe Nsanje inkatchedwa Port Herald. Kwa ife, tepi yakaleyo ndiyo mboni yokhayo ya momwe agogo athu ankaimbira. Kuimbanso sikuletsedwa, koma tisamaganize kuti nyimbo yatsopanoyo yalowa m'malo mwa yakale, chifukwa kiyibodi ili ndi malire ake. Ulimba wa Asena amauchuna m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, pomwe do-re-mi wa pa kiyibodi ali ndi masitepe ena aakulu, ena aang'ono. Mukaisamutsira kumeneko, nyimbo imapindika. Andrew Tracey, mwana wa Hugh, analemba mu 1991 za kaimbidwe ka Kambazithe Makolekole ndi gulu lake la ulimba, ndipo ukatswiri womwe anaufotokozawo uli m'manja mwa anthu angapo oimba chida chimodzi molowerana, zomwe batani la makina silingachite.

Za chiphokoso, tisiyanitse. China ndi cha tepi yokalamba, ndipo akatswiri amatha kuchichepetsa pa kompyuta. Koma china n'chadala. Suzumirani pansi pa ulimba: chikho chilichonse chili ndi kabowo komatidwa ndi kachikopa koyera ka kangaude, kuti thabwa likamenyedwa mawu azinjenjemera. Wochotsa kunjenjemerako poganiza kuti akuyeretsa nyimbo wachotsa mchere m'ndiwo. N'chimodzimodzi banjo ya Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anamwalira mu 1995: kukhakhala kwa mawu ake ndi Chimvu River Jazz Band ndiko kumachititsa kuti muwazindikire nyimbo ikangoyamba. Ndipo azungu omwewo, bambo, si zonse amazijambulanso. Nyimbo za garage rock, zomwe anyamata a ku America ankaimbira m'magalaja a makolo awo m'zaka za m'ma 1960, zinasonkhanitsidwa mu 1972 m'chimbale chotchedwa Nuggets momwemo momwe zinalili, magitala olira mokalipa, ndipo anthu akuzifunabe. Pafupi pompano, ku Zambia, nyimbo za WITCH, Amanaz ndi Paul Ngozi za m'ma 1970 zinatulutsidwanso ndi kampani ya ku America ya Now-Again, mpaka Jagari Chanda wa WITCH anayambiranso kukwera ndege kukaimba kunja atakula kale. Palibe anawauza kuti ayambe aziimbanso pa kiyibodi.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wa ku Nchalo, ndipo ndi yowawa: "Mukuti tisunge zakale, koma akudyerera ndani? Oimba athu anafa ali amphawi, nyimbo zawo akugulitsa ndi anthu akunja."

Mayi, apa sindikutsutsani kwenikweni. Matepi a Tracey ali ku International Library of African Music, yomwe inakhazikitsidwa mu 1954 ndipo tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Chimbale cha Opeka Nyimbo, chomwe Gerhard Kubik anakonza ndi Moya Aliya Malamusi, chinatuluka ku Berlin mu 1989. Munthu wa ku Ulaya amazipeza mosavuta kuposa mdzukulu wa woimbayo kwa Katunga, ndipo zimenezi n'zolakwika. Komabe tifunsane moona mtima: matepi amenewa akanakhala m'nyumba za kuno kuchigwa, ndi kutentha kwathuku, chiswe, ndi madzi osefukira ngati a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023, akanatsala angati? Kusungidwa kunjako kunawapulumutsa. Vuto ndi lakuti sanabwerere, ndipo njira yobwerera nayo tsopano ilipo. Podcast imodzi yokonzedwa m'Chisena kapena m'Chimang'anja, munthu mmodzi akaitsitsa ndi bandulo yake, imayenda pa memori khadi ndi pa WhatsApp mudzi wonse, ndipo wailesi za m'dera ngati Nyanthepa ku Nsanje zingathe kuiulutsa kwa opanda foni.

Chomwe ndingaumirire n'chakuti wokonza pulogalamu yotere azitchula dzina la woimba, mudzi wake ndi chaka chomwe anajambulidwa, osangoti "nyimbo zamakolo". Popanda dzina, banja silingapemphe kanthu. Za ndalama, bungwe la COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992, ndilo limatolera malipiro a oimba, ndipo limalipira nyimbo zomwe zinalembetsedwa. Ngati m'banja mwanu munali woimba amene anajambulidwapo, kaya ku MBC kaya ndi alendo, lembani dzina lake lonse, mudzi ndi mfumu yake, mupite nazo kumeneko mukafunse ngati nyimbo zake zili m'kaundula.