Bondo linapola, koma mwendo ukukana mpira

Amalume,

Ndine mnyamata wa zaka 19, ndimakhala kufupi ndi Fingoè kuno ku Maravia. Ndinkamenya kutsogolo mu timu ya m'mudzi mwathu. Chilimwe chathachi ndinalumphira mpira wa m'mwamba, potera bondo linapotoka, ndinamva kuti thwa! Kuchipatala anati fupa silinathyoke. Kutupa kunaphwa, pano ndikulima, njinga ndikupalasa. Koma ndikaima m'bwalo wina n'kumandithamangira, mwendo umangouma. Anzanga akuti ndasanduka wamantha, agogo akuti ansanje anandichita chipongwe. Tulo sindikuona, ndipo ndayamba kachasu. Kodi mpira wanga wathera pomwepa?

Wothedwa nzeru, Maravia

Mphwanga,

Sindiwe wamantha. Kuuma kwa mwendoko ndi mbali ya kuvulala komweko, kungoti mbali imeneyi situpa, n'chifukwa chake anzako sakuiona. Thupi linasunga ululu wa tsiku lija, ndiye likaona zofanana nazo limadziteteza usanaganize n'komwe. Ng'ombe yapangolo ikaterereka powolokera mtsinje, mawa lake imakana kudutsa pomwepo. Chikwapu chimangowonjeza mantha. Mwini wanzeru amaitsogolera pang'onopang'ono mpaka ikhulupirirenso nthaka.

Osewera otchuka zimawagweranso. Mu 2014 Clare Ardern ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa anthu amene anachitidwa opaleshoni ataduka mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL. Anapeza kuti 55 okha mwa 100 alionse ndiwo anabwerera ku masewera a mpikisano. Chifukwa chimene osabwererawo amatchula kawirikawiri ndi kuopa kuvulalanso. Reinildo Mandava ukumudziwa, mwana wa ku Beira. Mtsempha womwewu unamudukira mu February 2023 akusewerera Atlético Madrid polimbana ndi Real Madrid. Ali ndi madokotala ndi zipangizo zonse za ku Spain, chaka chimenecho chinatsala pang'ono kutha asanabwerere m'bwalo. Mu January 2024, ku Côte d'Ivoire, ndiye anagoletsa chigoli cha mphindi zomaliza chimene a Mambas, timu ya dziko la Mozambique, anafananira nacho mphamvu ndi Ghana, 2-2. Tsono iwe amene ukuchira ndi khasu m'manja, usadziweruze kuti wachedwa.

Komabe mawu aja akuti thwa akundidetsa nkhawa. Chithunzi cha X-ray chimaonetsa mafupa, mitsempha ayi, ndiye fupa kukhala losathyoka sikutanthauza kuti bondo lonse lili bwino. Ngati limagweduka ukatembenuka mofulumira, limatupanso ukalemetsa, kapena limakanirira osawongoka, mantha akowo akunena zoona ndipo uwamvere. Bwerera kuchipatala, ufotokoze zimenezi, upemphe kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Tete. Ndikudziwa kuti ulendowo ndi wautali ndipo umadya ndalama, koma bondo limeneli ndi lomwe udzalimire ndi kudyetsera ana ako.

Achipatala akakuuza kuti bondo ndi lolimba, yamba kuphunzitsa mutu monga unaphunzitsira mwendo. Uthamange molunjika pamalo osalala, wekha. Uime ndi mwendo wovulalawo wokha mpaka usiye kunjenjemera. Kenako kukhotakhota, kulumpha ndi kutera pa miyendo yonse mawondo atapindika pang'ono, kupatsirana mpira ndi mnzako mmodzi amene mwagwirizana kuti asakugunde. Sitepe iliyonse uikhalitse mpaka mtima usiye kugunda ndi mantha, ndipo bondo likatupa ubwerere pambuyo. Umuuze kochi wako poyera kuti ukuopa. Wosewera wobisa mantha amalowa pa mpira mwatheka, ndipo n'kumene anthu amavulalira kachiwiri.

Za agogo, usakangane nawo. Akulankhula chifukwa chokukonda. Ndingokuchenjeza kuti ukayamba kufunafuna amene anakulodza, anzako onse a mu timu asanduka adani m'maso mwako, utsala wekha, ndipo kukhala wekhako ndiko kukukudya kuposa bondo. Pamene unavulala unataya zambiri: dzina lija ankakuitanira masapota, nthabwala za madzulo, ulendo wa pa njinga wokasewera kumidzi ina. Kumva chisoni pa zimenezi n'koyenera. Uzipita kubwalo ngakhale sukusewera. Tunga madzi, imba wezulo, phunzitsa tiana kumenya mpira ndi mwendo wamanzere. Masiku oyamba zidzakuwawa kuona wina atavala nambala yako. Upitebe.

Kachasu yekha ndikukuletsa, mphwanga. Amakugonetsa kanthawi, n'kukudzutsa pakati pa usiku maganizo atachuluka kuposa kale, ndipo woledzera sachedwa kupotolanso bondo. Kusowa tulo, kusafuna chakudya ndi kusakondwa ndi chilichonse zikapitirira masabata awiri, amenewo angakhale matenda a maganizo, ndipo amachizika. M'zipatala za boma ku Mozambique muli ophunzitsidwa ntchito imeneyi, amawatcha técnico de psiquiatria. Ukapita za bondo, ufunsenso kuti ungaonane naye bwanji. Ngati tsiku lina maganizo ofuna kudzipha atakufikira, usagone nawo. Udzutse mayi ako kapena m'bale amene umamukhulupirira, akuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.

Undilemberenso ukabwera kuchipatala, undiuze zimene apeza.

Amalume